Paipi ya Adadi Ikwera Ndege

Lolemba, 9 Juni

Ayi Tadala, sindinapenge. Khadi ya foni yatha ndisanakuyankhe. Kamzimayi ka mu foni kaja kangoti "one minute remaining", iwe n'kuthera miniti yonseyo ukuseka. Ndiye ndikuyankhira m'kope langa muno, momwe sungandidule pakamwa.

Eya, ndege. Yeniyeni, ya anthu awiri. Osati za mawaya zija tinkathamanga nazo ku Chirimba. Tikuipanga mu galaja ya a Derek ku Solihull. A Derek ndi mdala wopuma ntchito, anali ku fakitale ya magalimoto komwe ndikupanga placement, ndipo aliyense amamuitana kuti "bab", kaya ndine, kaya wa positi, kaya mphaka. Ndege imeneyi anaiyamba ine ndili ku sekondale. Mapiko ali m'chipinda chodyera. Akazi awo, a Maureen, amadya mbale ili pamwendo, galimoto yawo imagona panja ngati galu.

A Derek ndi a matabwa ndi nsalu. Ine ndine wa mafuta. Fuel system yonse ndi yanga, kuchokera pa thanki mpaka pa injini. Loweruka kukubwera inspekita. Akangosayina, mapiko achoka pa tebulo, ndege ipita ku bwalo, a Maureen apuma.

Chatsala ndi chimodzi: sight gauge. Dzina lalikulu, kanthu kachabechabe. Ndi kapaipi koonekera mkati, kolumikiza pansi pa thanki ndi pamwamba pake, koima pafupi ndi bondo la woyendetsa. Petulo akafika pakati mu thanki, mu paipi afikanso pakati. Ngati paipi ya madzi ija amisiri amalinganizira maziko a nyumba. Palibe waya, palibe singano. Maso basi.

A Derek akuti: "Your system, bab. You pick the tube."

Ndasankha kalekale!! Paipi ya adadi.

Iwe ukuikumbukira minibasi ija, ya ku Chileka. Geji inafa ine ndisanabadwe, thanki n'kudzabookanso, ndiye petulo ankakhala m'chigubu kutsogolo. Loweruka lililonse ine pampando wakutsogolo, chigubu pakati pa miyendo, maso pa chigubu. "Adadi, watsala pang'ono!" Iwo osayang'ana n'komwe: "Tifika." Tikapanda kufika, ankatulutsa paipi kuseri kwa mpando, kuimitsa dalaivala mnzawo, kuyamwa petulo ndi pakamwa, kulavula, kenako kupempha siwiti kwa pasenjala.

Tikafika ku Chileka ankaima pa mpanda wa eyapoti kuti ndione ndege. "Imeneyo ndi minibasi ya mapiko, kungoti kondakitala wake amasamba." Paja iwonso anayamba ngati kondakitala, wolendewera pachitseko, ndipo mpaka kumwalira ankanena kuti mpando wa mfumu m'galimoto ndi wa pachitseko.

Maliro atatha, achibale anatenga minibasi, masipanala, ngakhale jeke. Paipi inatsala pa msomali. Palibe anaifuna. Ndinaipinda mu sutikesi, pansi pa majuzi.

Adadi sanakwerepo ndege. Chaka chino akwera.

Zochita:
- kutsuka paipi
- kuifewetsa
- ma-fitting
- osauza a Derek kuti ndi ya ndani
- osauza Anti Esnart, omwe ndikukhala nawo, chilichonse
- osalira ku ntchito

Lachiwiri, 10 Juni

M'mawa. Ndaitulutsa pansi pa bedi. Eee.

M'mutu mwanga inali yoyera ngati galasi. M'manja mwanga ndi ya mtundu wa tiyi wa pa maliro. Yauma gwa ngati nzimbe ya chaka chatha. Ndikaiwongola ikubwerera yokha, kudzipinda monga inkakhalira kuseri kwa mpando.

Koma fungo! Fungo lilipo lonse. Ndangoinunkhiza kamodzi, ndili pa siteji ya Kameza, dzuwa likuwotcha ntchafu pa mpando wa pulasitiki, wina kumbuyo akukangana za chenji. Ndaphonya basi yanga ya pa Walsall chifukwa chonunkhiza paipi. Munthu wa digiri!

Mbali imodzi pali mano. Mano a adadi, pomwe ankaluma akamasaka chigubu ndi manja onse awiri. Sindikhudzapo pamenepo.

Masana. Vuto loyamba: ma-fitting amene a Derek anagula, tizitsulo tolowetsapo paipi, ndi onenepa. Paipi ya adadi mkati ndi yowonda. Munthu wanzeru akanasintha paipi. Ine ndasintha ma-fitting. Nthawi ya lunch ndawasema pa lathe, makina osemera zitsulo a ku ntchito, mpaka awonde. Atuluka okongola, osalala, ndinyadire. Chitsulo ukachisema sichibwereranso, ndikudziwa. Sindikufuna chibwerere.

Madzulo. Kufewetsa. Njira ya kwathu: madzi otentha. Adadi ankaviika nsonga ya paipi mu kapu ya tiyi ya kondakitala. Ine ndilibe kondakitala, ndiye ndaiviika mu ketulo ya anti. Yafewa pang'ono. Itazizira yauma kuposa kale. Ndabwereza. Ndabwerezanso. Ketulo ndaitsuka bwinobwino ndi sopo wa mbale.

Anti Esnart afika kuchokera ku long day ya kuchipatala, mapazi atatupa, yunifomu osavula n'komwe. Atereka tiyi. Amwa kamodzi. Ayang'ana kapu. Ayang'ana ine.

"Tiyi ameneyu akununkha pa depoti."

Junior, mwana wawo: "Mum, it tastes like a garage."

Ine: ndi madzi a ku Walsall, mwina akukonza mapaipi.

Anti anyamula kapu. Amwanso kachiwiri, pang'onopang'ono, n'kumaliza kapu yonse. Zandidabwitsa. Mwina ndi kutopa.

Chikumbumtima cha uinjiniya chayamba kundiluma. Buku limati paipi ya geji isaume ndi petulo, isafufume, isade. Chabwino. Ndipanga test ya chilungamo, paipi zingapo m'mabotolo, ya adadi ipambane poyera, pasadzakhale wonena kuti ndinakondera.

Ndalengeza pa tebulo: amene ali ndi chubu chilichonse andipatse, ndikufuna kutesta za ku ndege.

Ankolo Gift, amuna a anti, aika foloko pansi. "Chubu? Usadandaule mwana wanga. Mawa."

Lachitatu, 11 Juni

Kulakwa ndi kwanga. Tsiku lonse ku ntchito timati tube, tube, tube, ndiye pakamwa panga pangomasulira pokha. Ndaiwala kuti kwathu chubu ndi chimodzi chokha padziko lapansi.

Ankolo abwera kuchokera ku warehouse ndi jumbo. M'jumbomo chubu cha njinga. Chakuda. Chodulidwa kale m'mizere italiitali, yomangira katundu.

"Ndakudulira kale kuti usavutike. Phiko lililonse uzungulize kanayi, umange mfundo ya pansi. Ine chubu ngati chimenechi ndinkanyamulira matumba a makala kuchokera ku Zalewa, silinagwepo ndi limodzi lomwe."

Ndayesa kufotokoza. Akhumudwa. Akuti azungu amadalira guluu kwambiri, n'chifukwa chake zinthu zawo sizikonzeka. Ndalandira chubu ndi manja awiri. Chilowa nawo mu test, ulemu.

Anti abwera ndi yawo: paipi ya dripi, yotha deti, imene amaphunzitsira ma-student. Yoyera mbee, yofewa, yokongola moti mtima wanga wadumpha molakwika.

"Imeneyi imalowa m'thupi la munthu osavuta. Ndiye petulo ndi ndani?"

Ine ndagula ya mu thanki ya nsomba, ku shopu ya ziweto. Mnyamata wa pa till wandifunsa kuti ndili ndi nsomba zanji. Ndati usipa. Akuti sanamvepo, kodi ndi tropical? Ndati kwambiri.

Mu shedi, mabotolo a jamu pa shelefu:
- dripi ya anti
- ya nsomba
- chubu cha ankolo
- nsonga ya paipi ya adadi, mbali yopanda mano

Petulo wa ndege ndi wa buluu! Buluu wotuwa, ngati madzi ochapira yunifomu ya sukulu. Adadi akanaona akanati azungu athira mankhwala kuti madalaivala asamabe.

Tsopano vuto lachiwiri. Lachitatu anti amapita ku mapemphero a amayi. Pa nthawi ya zopempherera anena kuti mwana wa malemu mchimwene wawo akupanga ndege, mumuikize m'manja mwa Ambuye. Sananame. Koma nkhani ikalowa m'makutu a Amalawi imamera mapiko msanga kuposa ndege ya a Derek.

Foni yalira. Mayi Banda a ku Sparkhill.

"Mwana wanga, tamva kuti mukupita kumudzi pa ndege yanuyanu. Ambuye ndi wabwino. Ndi kajumbo kamodzi kokha, kopepuka, ka ku Area 25."

Ndati mayi, ndege yake ndi yaing'ono, ikapita patali ndiye ku Wales.

"Eya, mukatsikira ku Wales konko, kwinako mukaona."

Yaliranso. Abambo ena oti sindikuwadziwa, a ku Zambia, akufunsa ngati tidzaime pa Chipata.

Lachinayi, 12 Juni

Mu korido mwayamba kudzaza. Majumbo a mizeremizere aja. Nsapato za ana, ma-duvet, mafoni akale, microwave. MICROWAVE. Lililonse lalembedwa dzina ndi nambala ya wokalandira. Ankolo akuti asabwezedwe msanga, tione kaye kukula kwa ndege. Akuyang'ana chubu chotsala ndi maso a chiyembekezo.

Junior: "Are you actually a pilot?" Ndati ayi. "Then why is everyone giving you shoes?"

Nditaweruka, molunjika ku shedi. Zotsatira!!

Ya nsomba: yafufuma ngati mandasi, yoterera, ukaifinya ikuchita ngati ikufuna kulira. Yagwa.

Chubu cha ankolo: chatupa, chanyeta, petulo wasanduka wakuda. Ndabisa botolo kuseri kwa penti. Ndidzawauza kuti chinachita bwino koma chinalephera pa interview.

Dripi ya anti: yayamba kale kuuma. Ndi mmene amachitira mapulasitiki amenewa, petulo amayamwa mafuta ofewetsa aja, paipi n'kutsala chikoko. Tsiku limodzi lokha! Pakatha chaka ndiye ikhala fupa.

Ya adadi: palibe chasintha. Ndi kamodzi komwe. Yalowa youma, yatuluka youma. Yalowa yofiirira, yatuluka yofiirira.

YAPAMBANA!

Ndavina mu shedi. Ndagunda mutu pa njinga ya Junior.

Kamawu kena m'mutu, kolankhula ngati lecturer wa materials, kakuti: siinasinthe chifukwa palibe chotsala choti chisinthe, zonse zinatha kale pa msewu wa Chileka. Ndakauza kuti katseke pakamwa. Data ndi data.

Kenako kudula.

Geji imafuna kachidutswa kotalika ngati kuchokera pa chigongono kufika pa zala. Ndayang'ana pa windo kusaka pomwe pakuonekera bwino. Pali pena pabwinoko, kumtunda kowalirapo, kumunsi kwakuda pang'ono, pomwe petulo ankatsalira ikapindidwa. Ndalemba ndi pensulo. Ndatenga mpeni. Ndauika pansi. Ndapita kukamwa madzi. Ndabwerera.

Adadi sankalola munthu kubwereka paipi imeneyi. Jeke ankabwereketsa, sipeya ankabwereketsa, tsiku lina anabwereketsa ngakhale batire kwa munthu wa ukwati. Paipi ayi. "Paipi ili ngati mswachi." Tsiku lina ndinaitenga kukapanga thovu la sopo ndi iwe Tadala, ukukumbuka? Thovu lake linkanunkha petulo, amayi ako anatithamangitsa pakhonde. Adadi sanakalipe. Anangoitsuka, kuipukuta ndi malaya, n'kunena kuti, "Injiniya, zida sitiseweretsa." Aka kanali koyamba munthu kunditchula choncho.

Ndadula. Siinalire ngati pulasitiki. Yalira ngati fupa la nkhuku.

Tsopano singapopenso petulo m'galimoto ya wina aliyense. Zidutswa zake zafupika. Ndiye iyenera kuuluka basi, apo ayi ndaidulira chabe.

Mbali ya mano ndaibwezera pansi pa bedi.

Lachisanu, 13 Juni

Half day ku ntchito. Masana ku galaja.

A Maureen anditsegulira: "One more sleep, love, and I get my table back." Agula kale nsalu ya pa tebulo yatsopano, yandionetsa, ya maluwa. Ndaseka ngati munthu wosalakwa.

Ndatulutsa paipi. A Derek aitenga, aitembenuza, ainunkhiza. Ayang'ana ma-fitting anga osemedwa aja. Akoka mpweya ndi mano. "Where'd you find this, bab, the Roman baths?" Ndati ndi ya special, yochokera kunja, yatestedwa zaka zambiri m'nyengo yotentha. Palibe bodza pamenepo.

Polowa mu ndege chogwirira cha chitseko chandibaya chala. Ndi kachitsulo kosavala kanthu, kakuthwa kumapeto. A Derek akuti akhala akufuna kukaveka chinachake kuyambira kale. Ndayamwa chala, ndapitiriza.

Madzi otentha a mu flask. Viikani, kankhani, tukwanani chamumtima. Yalowa! Ndaklampa pansi, ndaklampa pamwamba. Yaima pamenepo pafupi ndi bondo, yopindika pang'ono ngati munthu wodikira basi. Ndakhala pampando wa pasenjala, ndayang'ana.

Ndiye tithire petulo.

Tathira pang'ono. Geji: theka.

Tathiranso. Geji: theka.

Tadzaza thanki mpaka pakamwa. Geji: theka.

Kuda kwa kumunsi kuja. Kwathera pakati penipeni, ndi mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula. Petulo wa buluu ali mkatimo, ndikudziwa kuti alimo, koma kuseri kwa tiyi wa pa maliro sakuoneka.

Zoyesa:
- tochi: theka lowala
- kapepala ka mizere yopendama kuseri kwa paipi, kamene mizere yake imapindika pomwe pali petulo: mizere siikuoneka n'komwe
- kutseka diso limodzi
- kugona chagada pansi pa dashboard, miyendo kunja: pamenepo, ukapendeka mutu, dzuwa likalowera pa chitseko cha galaja, kamthunzi kakuoneka!

Ndakuwa kuti ndauona! A Derek afunsa ngati ndikufuna aziyendetsa ndege atagona chagada.

Pa shelefu, kuseri kwa chitini cha guluu, pali kaphukusi ka ku catalogue kosatsegula. Ndakaona. Aona kuti ndakaona.

Pansi pa geji panyowa pang'ono. Ndamangitsa klampu. Pauma. Mwina.

Potuluka: "Your call, bab. He's here after breakfast."

Mu basi ndapemphera pemphero la uinjiniya: Ambuye, mawa kuwale dzuwa, ndipo inspekita akhale wamfupi.

Kunyumba majumbo afika pa masitepe. Wina wabweretsa matayala a pram.

Loweruka, 14 Juni

Mvula. Inspekita ndi wamtali ngati mlongoti.

Ali ndi katochi ndi kagalasi ka pa ndodo ngati ka dokotala wa mano. Wayamba ku injini. Akugwira paipi iliyonse, klampu iliyonse, fyuluta, tapu. Ntchito yanga ya miyezi yonseyi. Akungoti, "Tidy." Penanso, "Very tidy." A Derek akundigunda ndi chigongono. A Maureen aima pakhomo ndi thireyi ya tiyi ndi mabisiketi a alendo.

Kenako walowetsa mutu mu ndege. Waunika geji ndi katochi kake.

Watuluka. Watsegula tapu ya pansi, petulo yense wathira m'zigubu mpaka dontho lomaliza. Wagogoda thanki, ikulira ngati ng'oma. Wandikodola. Waloza geji.

"How much fuel have you got there, young lady?"

Ndayang'ana. Theka. Theka lonyada, losatekeseka, thanki ili gwaa.

Sindikudziwa kuti zachokera kuti. Pakamwa pangotuluka pokha: "Tifika."

"Pardon?"

Ndati palibe, sir. Empty, sir.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Wangonena mofatsa kuti geji yosaonetsa kanthu ndi yoipa, koma geji yolonjeza mafuta omwe kulibe imapha anthu. Kenako waidina ndi chala chachikulu pafupi ndi klampu ya pansi, pang'ono chabe.

Thyo.

Mng'alu. A Maureen aika thireyi pansi.

A Derek apita pa shelefu, atsegula kaphukusi kaja. Paipi yeniyeni ya petulo, yofewa, yoonekera ngati madzi. Anaioda mwezi watha. Inspekita wati chabwino, ikani pompano, ndimwe tiyi, ndisayina.

Ndaiveka pa fitting. Yalowa mosavuta. Mosavuta kwambiri. Yatuluka yokha ngati sokosi ya abambo pa mwendo wa mwana. Ma-fitting anga okongola aja. Osalala aja. Ndinawasemera paipi imodzi yokha padziko lonse.

Atsopano ndi ooda. Inspekita mawa akunyamuka ndi caravan kupita ku holide, abwera mwezi wamawa. Walemba pa pepala lake, wandigwira chanza, akuti zina zonse ndi ntchito yabwino kwambiri imene waona chaka chino. Zangowonjezera ululu.

A Maureen: "Lovely." Atenga thireyi, mabisiketi osadyedwa. Kudzera pa windo ndawaona akupinda nsalu ya maluwa ija, kuibwezera mu pulasitiki yake.

Ndatsala ndi a Derek. Ndapepesa. Kenako ndanena zonse, za chigubu, za Chileka, za msomali. Chizungu chinandithera pakati, zina ndanena m'Chichewa, iwo amangogwedeza mutu ngati akumva. Mfundo yomaliza ya Lolemba ndinati osalira ku ntchito. Galaja si ntchito.

A Derek alowa mu ndege. Amasula klampu, achotsa paipi, aipukuta ndi malaya awo. Ndi malaya! "Leave this bit with me." Ndati tayani, yatha ntchito. Aika m'thumba la ovolosi.

Basi ya kunyumba yadutsa njira yonse mu mvula. Manja akununkha petulo. Sindinasambe mpaka chakudya.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi ndi majumbo. Ankolo apanga maulendo awiri pa galimoto, ena amangidwa padenga ndi chubu. Sanagwe ndi limodzi lomwe. Andiuza kawiri.

Kubweza katundu kwa eni ake pakhomo la holo, ngati kondakitala wa basi yofera panjira. Mayi Banda: "Ndiye ndege yathu yafera pa siteji? Musataye mtima, kajumboka ndikusungirani." Abambo a ku Chipata andigwira chanza ngati pa maliro. Mwini microwave sanabwere. Ili mu korido.

Pobwerera ndatsikira pa Stratford Road kugula khadi ya foni. Tadala, funso lako loyamba: "Ndiye yauluka?" Ndati nkhani yake siikwana pa khadi imodzi, undidikire pakhonde la amayi ako ndikadzabwera, ugule sopo wa thovu. Wayambanso kuseka. Khadi imeneyinso waidya ndi mano.

Masana ku khitchini, anti akutsuka ketulo ndi mandimu. Ndati anti, za tiyi uja.

"Ukuganiza kuti fungo la mchimwene wanga sindilidziwa? Ndinakulira nalo. Ndinangoti ndimwe, papita nthawi."

Ndawauza zonse. Ndimayembekeza kuti alira. Aseka mpaka kukhala pansi pa mpando wa Junior.

"Iwe! Ukufuna kukweza ndege bambo ako? Ine nditangobwera kuno ndinawauza kuti achimwene, ndikugulirani tikiti, mudzaone kuno. Anakana katatu. Anati chinthu choti chikathera mafuta sungatsike n'kukankha, ine ayi. Pa mpanda paja ankaima chifukwa cha iwe. Iwo ankangoyang'ana wotchi."

Sabata yonse. Ketulo, ma-fitting, tebulo la a Maureen, mpeni. Kukakamiza munthu kukwera chinthu chomwe anachikana ali moyo. Nanga paipi ikanatani? Yakana m'njira yake.

Madzulo meseji ya a Derek, yoyamba chiwadziwireni, zilembo zonse zazikulu: "POP ROUND BAB."

Ndapita ndi maluwa a a Maureen. Alandira. Akuti mwezi umodzi si kanthu kwa munthu amene wadikira kuyambira tsitsi lili lakuda. Sanamwetulire kwenikweni. Ndidzabwera ndi ena.

Mu galaja a Derek andikodola. Angoloza chitseko cha pasenjala. Kachitsulo kaja kondibaya chala kavala. Adula pong'aluka, aviika m'madzi otentha, akankhira pa chogwirira. Yakwana ngati inabadwira pomwepo. Yofiirira, youma, theka lakuda, theka lowala. Akuti inspekita alibe nazo ntchito zogwirira.

Ndatsegula. Ndatseka. Ndatsegulanso. Ndanunkhiza dzanja.

Zotsala:
- kuoda ma-fitting, osawakhudza
- ketulo yatsopano
- kupeza mwini microwave

Geji idzakhala ya ku catalogue, yonena zoona, yopanda nkhani. Chabwino. Kumeneko sikunali kwa adadi, mafuta sankawayang'ana n'komwe, geji ndinali ine.

Ndiye akwera ndithu, mwezi wamawa, inspekita akabwera, mvula ikalola. Sanafune, koma apatsidwa mpando wa mfumu. Pachitseko. Kuti mafuta akadzathera m'mwamba, adzakhale oyamba kutsika kukakankha.